Diso Likachita Chimbuuzi Popanda Kuwawa

Ife amene tapyola zaka 50 tili ndi yankho limodzi pa chofooka chilichonse cha thupi: timati ndi ukalamba. Maso akachita chimbuuzi timangoti ng'ala yayamba. Koma ilipo nthenda ina ya maso imene si ng'ala ayi. Imadza modzidzimutsa, kawirikawiri m'diso limodzi, ndiponso siwawa konse. Popeza siwawa, ambiri amadikira kuti ipole yokha, ndipo pakudikirapo diso limaonongeka.

M'kati mwa diso, chakumbuyo, muli kachikopa kopyapyala kotchedwa retina, kamene kamalandira kuwala. Magazi amafikako pa mitsempha ina ndi kuchokako pa ina. Mtsempha wobweretsa magazi ukauma chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, umapanikiza mnzake wochotsa magazi, kufikira magaziwo ataundana ndi kutseka njira. Yense amene anathirirapo dimba adziwa chimene chimachitika ngalande ikatsekeka: madzi amasefukira ndi kumiza mbewu. Chomwechonso magazi ndi madzi zimatayikira mu retina, ndipo pakati pake, pamalo otchedwa macula pamene timaonera malemba ndi nkhope za anthu, pamatupa.

Ife nthendayi tinakomana nayo m'kalasi. Mizere imene tinalemba pa bolodi inaoneka yokhota, ndipo poitana maina m'kaundula malemba ena anasowa. Titaphimba diso lamanja ndi dzanja, tinapeza kuti lamanzere lachita mdima pakati. Dokotala wa maso anathira madontho, nayang'ana m'kati ndi nyali yake, natiuza kuti nthambi imodzi ya mtsempha yatsekeka, ndi kuti tidzafunika jakisoni m'diso momwemo.

Mawu akuti jakisoni wa m'diso ndi oopsa kuwamva, koma ntchito yake ndi ya mphindi zowerengeka. Amayamba athira madontho ochititsa dzanzi, natsuka diso, ndipo kasingano kakang'ono kamalowa pa choyera cha diso. Chifukwa chake ndi ichi: retina ikasowa magazi abwino imatulutsa chinthu chotchedwa VEGF, chimene chimadonthetsa mitsempha ndi kumeretsa timitsempha tatsopano tosalimba. Mankhwalawo amaletsa VEGF, kutupa kumaphwa, ndipo ambiri amayambanso kuona bwinopo. Ku America mankhwala a ranibizumab analoledwa pa nthendayi mu 2010, ndi a aflibercept mu 2012. Aliponso a bevacizumab, odziwika ndi dzina lakuti Avastin, amene anapangidwira khansa koma madokotala a maso m'maiko ambiri amawagwiritsa ntchito chifukwa mtengo wake ndi wotsika.

Jakisoni asanadze, chithandizo chachikulu chinali kuwala kwa laser, kumene kafukufuku wa ku America anaonetsa mu 1984 kuti kumathandiza pamene yatsekeka ndi nthambi ya mtsempha. Lero ntchito yake yaikulu ndi kuletsa timitsempha tosalimba tija. Timeneti tikamera timakha magazi m'diso, kapena kutseka njira yotulukira madzi a m'diso, ndipo pamadza glaucoma yowawa kwambiri imene ingathe kupha diso. Izi zimaoneka makamaka pamene watsekeka ndi mtsempha waukulu, nthawi zina patangopita miyezi 3. Pa ntchito imeneyi laser sabweza kuona kumene kwatayika. Amateteza kumene kwatsala.

Tsono chimene taphunzira ndi chakuti chovuta si singano koma ulendo. Mankhwalawo amatha mphamvu, kotero poyamba munthu amabayidwa mwezi ndi mwezi, ndipo ena amapitiriza koposa chaka. Ulendo uliwonse ufuna ndalama za basi ndi wina wotsogolera, pakuti madontho aja amasiya maso ali mbuu kwa maola angapo. Pano ndi pamene ambiri amafookera: akaona kusintha pang'ono amaleka, ndipo kutupa kumabwerera. Achinyamata, apa ndi panu. Lembani tsiku la kuchipatala pa kalendala, sonkhanani ndalama, perekezani makolo anu. Ndipo diso likafiira, likawawa kapena likada pambuyo pa jakisoni, bwererani nawo tsiku lomwelo.

Kwa ife makolo, muzu wa nthendayi nthawi zambiri uli kunja kwa diso: kuthamanga kwa magazi, shuga ndi fodya. Kafukufuku wa m'dziko muno wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ochuluka sanali kudziwa. Tikayezetse, timwe mankhwala mosadumphitsa, tichepetse mchere, kuti diso linalo lipulumuke. Tisathire m'maso madzi a zitsamba, pakuti sangafike kumene kuli vuto. Zipatala za Nkhoma, Kamuzu Central ndi Queen Elizabeth zili ndi mbali yoona za maso.

Kamodzi pa sabata phimbani diso limodzi, muyang'ane mphuthu ya chitseko kapena mzere wa m'buku, kenaka linalo. Chowongoka chikaoneka chokhota, kapena pakati pakada, nyamukani sabata yomweyo, osayembekeza kuti mukolole kaye.