Kakope Kamene Kanabweza Thukuta la Mwana Wanga

Ndikulemba kuchokera kuno kunyanja, kufupi ndi Dwangwa m'boma la Nkhotakota. Sabata ino ndabwera ndi nkhani ya m'nyumba mwanga, imene inandisowetsa tulo kwa miyezi 10. Ndaganiza zoiulula popeza ndidziwa kuti ambiri a inu muli ndi ana amene akukonza mapasipoti, ndipo ena ana anu anapita kale kunja.

Ndiyambe ndi bambo anga ondibala. Iwo anali mmodzi mwa amuna ambirimbiri amene anapita ku Joni kukakumba golide kudzera ku Theba. Akuluakulu akumbukira kuti ulendowu unaimitsidwa mu 1974, ndege itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana ndi kupha Amalawi 74 amene anali kubwerera kumudzi. Unayambanso mu 1977, ndipo unatheratu mu 1988. Chaka chimenecho bambo anabwera komaliza ndi wailesi, mabulangete ndi bokosi lamatabwa momwe ankasungamo mapepala awo. Patapita zaka, iwo atatisiya, kunamveka kuti amene anagwirapo ntchito ku migodi alembetse maina. Mayi anga anatsegula bokosi lija, koma anapeza chiswe chitamanga nyumba m'katimo. Sipanatsale ngakhale nambala ya ku mgodi. Mayi sanalire ayi. Anangokhala pansi nati, "Mwanawe, zaka zonse zija zadyedwa ndi chiswe." Mawu amenewa sanandichoke m'mutu.

Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 8, koma Mulungu anandipatsa mwana wachisamba, wamkazi, wanzeru za m'kalasi. Anaphunzira zaulimi ku koleji ina ku Lilongwe, ndipo mu 2022 anasankhidwa kupita ku Israel kukaphunzira ntchito kwa miyezi 11. Dongosolo lake linali lakuti masiku 5 pa sabata agwire ntchito pa munda ndi kulandira malipiro, tsiku limodzi akhale m'kalasi. Chimwemwe chinadzaza pakhomo, koma ulendo wa ndege sulipiridwa ndi chimwemwe. Bambo akunyumba anagulitsa bwato lawo. Ine ndinakongola K800,000 ku banki mkhonde ya gulu lathu la amayi 25 ogulitsa usipa ndi mpunga, gulu limene ndinaliyambitsa ndekha ndipo ndine wapampando wake.

Usiku womaliza ndinampatsa mwana wanga ufa wa kondowole, usipa wouma ndi kakope ka ana a sukulu. Ndinati, "Mayi wanga, tsiku lililonse uzilemba muno nthawi imene wayamba ntchito ndi imene waweruka. Kapepala kalikonse kamene akupatse, ujambule unditumizire." Anaseka nati, "Amayi, kumene ndikupita zonse zili mu kompyuta." Ndinamuyankha kuti kompyutayo ndi ya mwini munda, koma kopeli ndi lake.

Anakamuika pa munda wina m'chipululu, kumene amalima tsabola wamkulu wosawawa m'nyumba za pulasitiki, nathirira ndi timapaipi todontha madzi patsinde pa mbewu. Anali kugwira pamodzi ndi anthu a ku Thailand, ndipo zimene anaphunzira kumeneko n'zambiri ndithu. Mwezi ndi mwezi ankanditumizira chithunzi cha kapepala ka malipiro pa WhatsApp. Ine ndinkapita nacho pa Dwangwa kukachisindikiza, ndipo ndinkapinda mapepalawo ndi kuwatsekera m'chigubu cha pulasitiki, mmene chiswe sichingalowe.

Apa ndiyenera kuvomera kulakwa kwanga. Ndalama zitayamba kubwera, sindinafulumire kubweza ngongole ya gulu. Ndinkangolipira chiwongoladzanja, zotsalazo ndi kugula malata ndi kulipira fizi ya ang'ono ake. Mumtima ndinkati malipiro a miyezi iwiri yomaliza adzabweza ngongole ndi kugula bwato la abambo ake. Ndinaiwala mawu a makolo akuti fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Mu Ogasiti 2023 mwana anatsika basi ali wowonda, wakuda ndi dzuwa, koma wamoyo. Titadya, anandiitanira kuseri kwa nyumba nandiuza kuti malipiro a Julayi ndi Ogasiti sanalandire. Mwini munda anamuuza kuti ogula tsabola achedwa kulipira, ndipo adzatumiza ndalamazo sabata ziwiri zisanathe. Sabata ziwiri zinasanduka miyezi iwiri. Pa 7 Okutobala 2023 nkhondo inabuka m'dziko lija, ndipo foni ya mwini munda inaleka kuyankhidwa. Mu Novembala kwacha inagwa ndi 44 peresenti, mitengo ya zinthu inakwera, ndipo Disembala, mwezi wogawana masheya, unali pakhomo.

Amayi anzanga, manyazi a tsiku limenelo sindidzawaiwala. Tinakhala pamphasa pansi pa mtengo wa mango, msungichuma anatsegula bokosi, ndipo aliyense anaona kuti ndalama zaperewera chifukwa cha wapampando. Ine amene ndinkalipiritsa anzanga chindapusa akachedwa ndi sabata imodzi! Kudooko ndinkamva manong'onong'o akuti mwana anabwera ndi mamiliyoni koma make wabisa. Kunyumba nako kunalibe mtendere. Bambo, amene anali mwini bwato, tsopano anali kukwera bwato la mnzawo ngati waganyu, ndipo madzulo ankadya nsima osayankhula.

Amene anandidzutsa ndi mayi wina wachikulire wa m'gulu mwathu, mmodzi mwa amene ndinawachedwetsera ndalama zawo. Anabwera m'mamawa nati, "Amayi apampando, kulira sikubweza ngongole. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Tulutsani mapepala tione." Tinaitana aphunzitsi aakulu a pasukulu yathu, ndipo tinayala zonse pamphasa: mgwirizano wa ntchito, timapepala 9 ta malipiro, ndi kakope kaja. Nditatsegula kope ndinaona kuti masamba a miyezi itatu yoyamba anali oyera. Mwana anaweramitsa mutu nati anayamba kulemba ataona anzake a ku Thailand akulemba maola awo pa kalendala. Kuyambira pamenepo sanadumphe tsiku.

Tinawerengera masiku atatu. Maola a Julayi ndi Ogasiti anakwana 372. Aphunzitsi anafufuza pa intaneti napeza kuti malamulo a ku Israel amateteza wantchito wochokera kunja mofanana ndi mbadwa pa nkhani ya malipiro. Malipiro a mwezi ayenera kuperekedwa pasanapyole pa 9 mwezi wotsatira, ndipo wantchito ali ndi zaka 7 zoti akhoza kukadandaula ku khoti la zantchito. Anapezanso chinthu china chimene sitinachiyembekezere. Kuyambira mu Epulo 2023 malipiro otsikitsitsa a pa ola anakwera kuchoka pa mashekele 29.12 kufika pa 30.61, koma timapepala ta mwana wanga ta Epulo, Meyi ndi Juni tinali kusonyezabe mtengo wakale. Titaphatikiza zonse, ngongole inapyola mashekele 12,000 asanachotse msonkho ndi lendi.

Tinalemba kalata ya Chingerezi yaulemu, yopanda chipongwe ngakhale chimodzi. Tinaikamo masiku, maola, chiwerengero cha ndalama ndi nambala ya akaunti ya mwana, ndipo tinapepesa pa mavuto a nkhondo. Kunena zoona, mwini munda uja ndinamumvera chisoni, popeza antchito ambiri akunja anathawa m'minda nthawi imeneyo. Koma ngongole yathu inayamba nkhondo isanabuke, ndipo thukuta la mwana linali litagwa kale. Kalatayo tinatumizanso kwa oyang'anira maphunziro ake kumeneko. Mnzake wina amene anatsala konko anatilumikiza ndi bungwe lothandiza antchito ochokera kunja, ndipo mwana anasaina kalata yolola kuti amuyankhulire.

Pakati pa kudikiraku tinakumana ndi mayesero awiri. Loyamba linali la bambo wina amene anaimba foni nati amadziwana ndi akuluakulu, ndipo tikamutumizira K50,000 pa foni, ndalama zathu zituluka sabata yomweyo. Ndinamufunsa dzina la ofesi yake kuti ndikafikeko ndekha, ndipo anadula foni. Lachiwiri linachokera kwa mwini munda. Anatumiza pepala la m'chinenero chawo cha Chiheberi nati mwana asaine kuti alandire theka. Bambo akunyumba anati, "Tilandire zomwezo, mayi, tatopa." Inenso mtima unafuna. Koma safunsa anadya phula. Tinatumiza pepalalo ku bungwe lija, ndipo anatimasulira kuti kusaina kunali kuvomera kuti palibenso ngongole ina yotsala. Tinakana.

Kumapeto kwa Febuluwale 2024 madzi osefukira anavuta dera lathu lino, ndipo mabanja ambiri anathawira m'misasa. Usiku umene madzi analowa m'nyumba, ndinabereka mwana wamng'ono kumbuyo, ndi kunyamula chigubu cha mapepala pamutu. Thumba la mpunga ndinalisiya. Anzanga anandiseka m'mawa mwake, koma ine ndinali kukumbukira bokosi la mayi anga.

Mu Juni 2024, loya wa kumeneko atalemba kalata yachiwiri yotchula khoti, ndalama zinalowa mu akaunti ya mwana: mashekele 9,400, atachotsa msonkho ndi lendi, zimene zinapyola K4 miliyoni. Si zonse zimene anakhetsera thukuta ayi. Mwana akumbukira kuti miyezi itatu yoyamba ija anagwira maola ambiri oonjezera, amene malipiro ake amakhala okwererapo, koma popeza masamba anali oyera tinalibe pogwira, ndipo tinasankha kuzileka. Tsiku lomwelo ndinaitanitsa msonkhano wa gulu, ndinabweza ngongole yonse ndi chiwongoladzanja chake, ndipo ndinadzilipiritsa chindapusa pamaso pa onse. Bwato tinagula lakale, popeza mtengo wa latsopano unali utathawa. Mwana tsopano alima tomato ndi timapaipi todontha tija kuseri kwa nyumba, ndipo amayi a m'gulu amabwera kudzaphunzira.

Tsono amayi anzanga, ulendo wa kunja sunathe ndi Theba. Pa 25 Novembala 2023 achinyamata 221 ananyamuka ulendo wa ku Israel kukagwira ntchito m'minda, ndipo ena anatsatira. Mu Epulo 2024 dziko lathu linatsegula ofesi ya kazembe ku Tel Aviv. Chaka chomwecho tinamvanso pa wailesi ya BBC za amayi a Chimalawi amene anazunzika pa ntchito za m'nyumba ku Oman, mpaka oposa 50 anachita kuthandizidwa kuti abwerere kwawo. Sindinena kuti tiletse ana athu, pakuti ntchito kuno n'zosowa ndipo kunja kuli nzeru zimene tizifuna. Ndinena kuti tiwakonzekeretse monga tikonzekeretsa msodzi nyengo ya mwera.

Mwana asananyamuke, mgwirizano wa ntchito uwerengedwe mokweza pakhomo ndi munthu wodziwa Chingerezi, ndipo pepala lina lofanana nalo litsale ndi inu. Mudziwe dzina la mwini ntchito, dzina la malo, malipiro a pa ola ndi zimene azidula. Pasipoti ikhale m'manja mwa mwini wake. Alembe maola ake kuyambira tsiku loyamba, ndipo atumize chithunzi cha kapepala ka malipiro mwezi uliwonse. Malipiro akachedwa adandaule akadali komweko, chifukwa kulondola ngongole uli kutsidya kwa nyanja n'kovuta kwambiri. Ku Israel kuli mabungwe othandiza antchito akunja, monga la Kav LaOved, ndipo ofesi ya kazembe wathu aidziwe. Asathawe pa ntchito mwachinsinsi, pakuti mu Meyi 2024 Amalawi 12 anabwezedwa kuchokera kumeneko atachoka m'minda imene anawalembera. Asasaine pepala limene sakulimva. Ndipo inu otsala kumudzi, musachite ngati ine: ndalama zoyamba zibweze ngongole, malata adzabwera pambuyo.

M'gulu lathu tinaika lamulo latsopano. Mayi aliyense amene mwana wake apita kunja, kaya ku Israel, ku Joni kapena kwina, abweretse mapepala kwa mlembi, ndipo gulu limgulire mwanayo kope ndi cholembera. Yesani kuchita chimodzimodzi m'magulu anu, ku tchalitchi kapena ku mzikiti. Kakope kaja ndikali nako m'chigubu, masamba ake oyera ndi olembedwa omwe, ndipo mwana wa m'mudzi muno akamakonza ulendo ndimayamba kumuonetsa oyerawo.