Tsiku la Amisiri a Makebulo M'mbali mwa Steeles Avenue

Kumpoto chakum'mawa kwa mzinda wa Toronto, kumene dera la Scarborough limachita malire ndi Markham pa msewu wa Steeles Avenue, kuli mizere ya nyumba zazifupi zimene zinagawidwa m'zipinda za malonda ndi ntchito zamanja, ndipo zina mwa zipindazi ndi masitolo a mawaya, zolumikizira ndi zida za amisiri. Sitolo yotere imakhala ndi kauntala kutsogolo, mashelefu a timabokosi pakati, ndi tebulo lalitali kumbuyo, pamene amadulira makebulo ndi kuwaveka mitu monga mwa pempho la wogula. Kebulo imene imalamulira ntchito ya patebulopo ndi ya coaxial, yomwe Amalawi ambiri amaidziwa ngakhale osaitchula dzina, pakuti ndi imene imatsika kuchokera pa dishi kapena pa eriyo kukalowa kumbuyo kwa dikoda. Dzinali limanena za kapangidwe kake: pakatikati pali waya mmodzi wa mkuwa, womwe wazingidwa ndi pulasitiki yoyera, pamwamba pake pali ukonde wa timawaya tolukana ngati mkeka, ndipo zonsezi zakutidwa ndi khungu lakunja. Oliver Heaviside analembetsa nzeruyi ku England mu 1880, ndipo Lloyd Espenschied ndi Herman Affel a ku Bell Laboratories anaikonza kuti inyamule mauthenga ochuluka, nalandira chiphaso chake mu 1931.

M'nyengo yozizira chitseko chimatsegulidwa kunja kusanayere bwino, ndipo oyamba kufika ndi amisiri a makontirakiti amene amalowetsa intaneti ndi wailesi yakanema m'nyumba za anthu, m'chigawo chimene kampani ya Rogers yakhala ikuyala makebulo kuyambira m'ma 1960. Awa salankhula zambiri chifukwa magalimoto awo amawasiya akulira panja. Amatenga bokosi la kebulo ya RG-6, lomwe limakhala ndi mafiti 1,000, ndiko kuti pafupifupi mamita 305, popeza ngakhale dziko la Canada linasamukira ku miyeso ya mamita m'ma 1970, ntchito iyi idakali kuyezedwa m'mafiti ndi mainchi a ku America. Zilembo za RG nazonso zinachokera ku kaundula wa asilikali a ku America wa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Mmisiri wosamala amayang'ananso chidindo cha FT4 kapena FT6 pakhungu la kebulo, chimene chimasonyeza mmene kebuloyo imapiririra moto, pakuti yodutsa m'mipata yoyendamo mpweya wa m'nyumba zikuluzikulu iyenera kukhala ya FT6.

Cholumikizira chimene amisiri am'mawawa amagula m'matumba ndi cha mtundu wa F, chomwe Eric Winston anapanga kumayambiriro kwa ma 1950 akugwira ntchito ku Jerrold Electronics, ndipo kutchipa kwake kwagona poti chilibe singano yakeyake, koma waya wapakati wa kebulo ndi amene amatulukira n'kukhala singano. Kale chinkapanidwa m'mbali, koma lero makampani amafuna chokankhidwa molunjika, chimene chida chake chimakanikiza mphete kuti ilowe m'thupi la cholumikizira n'kugwira kebulo mozungulira monse popanda kusiya mpata. Chifukwa chake chili panja pa chitseko: madzi a chipale akalowa pa kampata kakang'ono amayenda m'ukonde monga mmene mafuta amakwerera m'chingwe cha nyale, amaundana usiku, amasungunuka masana, ndipo pofika mwezi wa Epulo mkuwa umakhala utabiriwira.

Gulu limeneli likachoka, phokoso limasamukira ku tebulo lakumbuyo, ndipo apa ndi pamene pali luso lenileni la malowa. Kupana, kumene amisiri amakutchula kuti crimp, ndi kufinya chitsulo chofewa pa waya ndi mphamvu yoyezedwa kufikira zitsulo ziwirizo zitakanirirana popanda mpweya pakati, ndipo sikufuna moto kapena mtovu monga kuwotcherera. Poveka cholumikizira cha BNC, chomwe chimamangidwa pochipotoza pang'ono basi, mmisiri amayamba ndi kulowetsa kamphete kopanira pa kebulo, ndipo ophunzira onse amaiwala zimenezi kamodzi kapena kawiri n'kuzindikira ntchito itatha. Kenako amasenda kebulo ndi chosendera cha malezala atatu, lililonse lochunidwa pa kuya kwake, kotero kuti loyamba limadula khungu lokha, lachiwiri limadula ukonde, lachitatu limafika pa pulasitiki yoyera osakhudza mkuwa. Akapana singano pa waya wapakati, amaikankha m'thupi la cholumikizira mpaka imveke kuti yakhala, amayala ukonde pakhosi la cholumikiziracho, amabweretsa kamphete kaja pamwamba pake, ndipo amapana komaliza.

Chida chopanira chili ndi mano osinthika okhala ndi mabowo a ngodya 6, ndipo bowo lililonse lili ndi muyeso wake wolembedwa m'zigawo za inchi. Kebulo ya RG-58 kawirikawiri imafuna bowo la 0.213, ya RG-59 imafuna la 0.255, zonenepa monga RG-213 ndi LMR-400 zimafuna la 0.429, pamene singano ya BNC yambiri imapanidwa pa 0.068. Kusiyana kwa 0.213 ndi 0.255 n'kongopitirira milimita imodzi, koma bowo likakula kebulo imasololoka m'manja, ndipo likachepa kamphete kamatuluka makutu m'mbali n'kuphwanya pulasitiki yoyera. Kuphwanyikako n'koopsa koposa chifukwa sikuoneka: mtunda wa pakati pa waya wapakati ndi ukonde ndi umene umakhazikitsa chimene akatswiri amachitcha impedance, ndiko kuti mlingo wa mmene kebulo imalandirira mafunde, ndipo mtundawo ukasintha pamalo amodzi, gawo la mafunde limagunda pamenepo n'kubwerera kumene lachokera. Ndiye chifukwa chake mmisiri wamkulu wa patebulo salola wophunzira kuyerekeza ndi maso, koma amamutuma kukawerenga pepala la wopanga cholumikiziracho, pakuti kebulo, cholumikizira ndi mano a chopanira ndi mafuwa atatu a mphika umodzi.

Chakumasana kauntala imadzaza ndi anthu amene si amisiri, ndipo funso lawo nthawi zambiri limakhala la chida choyenera kugula. Wogulitsa wabwino sayankha asanafunse mtundu wa kebulo, mtundu wa cholumikizira ndi kuchuluka kwa mitu imene munthuyo akufuna kuveka. Amene akufuna makebulo awiri okha amalangizidwa kuti angowadulitsa patebulo lakumbuyo, pakuti mtengo wa zida ungapose wa ntchitoyo. Amene adzapana mitu makumimakumi amaonetsedwa chopanira chokhala ndi loko, chimene sichitseguka kufikira mano atakumana kwathunthu, ndipo loko ameneyu ndi wofunika kuposa dzina la kampani lolembedwa pachigwiriro, kaya ndi Klein Tools kapena Ideal, chifukwa amachititsa kuti dzanja lotopa la madzulo lipane mofanana ndi dzanja lamphamvu la m'mawa. Pulayazi wamba sayenera kuyandikira ntchitoyi, ndipo mpeni, ngakhale uli m'dzanja lozolowera, umasiya chipsera pa waya wapakati. Pa makebulo ambiri a RG-6 wayayu ndi chitsulo chongokutidwa ndi mkuwa wopyapyala, ndipo popeza mafunde othamanga kwambiri amayenda pamwamba penipeni pa waya, mpeni umene wapala mkuwawo wapala njira yeniyeni ya chithunzi. Mfundo imeneyi ikukhudza kwambiri amisiri a madishi a ku Lilongwe, Blantyre ndi Chipata, kumene zolumikizira zongopotokola ndi dzanja ndi zofala, ndipo chithunzi chikayamba kudukaduka nyengo ya mvula mlandu umagwera dikoda kapena mitambo, pamene nthawi zina wolakwa ndi kamutu kadzimbiri kamene kali padenga.

Madzulo kumabwera anthu a makamera, ochokera ku masitudiyo a mafilimu ndi a wailesi yakanema amene ndi ochuluka mu Toronto, ndipo awa ndi amene amavuta kukhutiritsa. Zithunzi zawo zimayenda pa kebulo ya 75 ohm, monga Belden 1694A, pamene mawailesi olankhulirana amagwiritsa ntchito ya 50 ohm. Manambala awiriwa ali ndi mbiri yake: kebulo yokhala ndi mpweya pakati imataya mafunde pang'ono koposa pafupi ndi 77 ohm, ndipo imanyamula mphamvu zambiri koposa pafupi ndi 30 ohm, kotero 75 inasankhidwa kuti ilandire mafunde ofooka, ndipo 50 inakhala pakatikati kuti itumize. Msampha uli poti BNC ya 50 ohm ndi ya 75 ohm zimalowana bwinobwino, ndipo munthu amangozindikira kulakwa kwake chithunzi chikazima pakati pa ntchito.

Dzuwa likamalowa, zomwe mu Disembala zimachitika 5 koloko isanakwane, amafika okalamba okonda wailesi, omwe mayina awo a pamphepo ku Ontario amayamba ndi VE3 kapena VA3, ndipo amakhalitsa pa kauntala kukangana ngati cholumikizira cha PL-259 chopana chingafanane ndi chowotcherera. Mkanganowu wakhala zaka zambiri, koma patebulo lakumbuyo unatha kale, pakuti moto wambiri umasungunula pulasitiki yoyera, pamene kupana kwa muyeso woyenera kumatuluka mofanana nthawi zonse. Pamodzi nawo amabwera mabanja amene anasiya kulipira makampani n'kukweza eriyo, kuti akoke kwaulere masiteshoni a pa CN Tower, nsanja ya mamita 553 imene inatsegulidwa mu 1976, ndi ena a ku Buffalo kutsidya kwa nyanja ya Ontario. Kuchokera pa 31 Ogasiti 2011, pamene mizinda ikuluikulu ya Canada inasamukira ku mafunde a dijito, chithunzi chimabwera chathunthu kapena chimasoweratu, kotero mutu umodzi woipa ukhoza kuchotsa siteshoni yonse.

Ola lomaliza ndi loyesa zimene zapangidwa tsikulo. Kebulo iliyonse imakokedwa ndi manja, kenako imaikidwa pa mita kuti aone ngati waya wapakati akufika mbali zonse ziwiri ndiponso ngati palibe kawaya kamodzi ka ukonde kamene kakhudza singano, pakuti kawaya kochepa ngati tsitsi n'kokwanira kupha kebulo yonse. Kusamala kumeneku kumapitirira wogula mmodzi, chifukwa mutu wosamangika bwino pa makebulo a kampani umalowetsa phokoso limene limachedwetsa intaneti ya oyandikana nawo, ndiponso umatayikitsa mafunde, ena mwa iwo a pakati pa 108 ndi 137 MHz amene ndege zotera pa bwalo la Pearson zimadalira. Makebulo amene apambana amakulungidwa mozungulira mosathyola, n'kumatidwa kapepala ka dzina la wogula, ndipo olephera amadulidwa mutu n'kubwerera patebulo. Wophunzira amasesa timawaya ta ukonde timene tabalalika pansi, amathira zidutswa za mkuwa m'ndowa ya zitsulo zokagulitsa, ndipo amabwezera mano a chopanira m'kabokosi kake, lililonse pa nambala yake.