Ku Livingstone, Pofunafuna Zikopa za Asilikali Apakavalo

Zishalo, malamba ndi zikwama za zipolopolo za asilikali apakavalo ndi zina mwa zinthu zakale zimene anthu ena amatolera n'kumasunga. Wozifuna ku Zambia amayamba waganiza za Livingstone, chifukwa tauniyi inali likulu la Northern Rhodesia kuyambira 1911 mpaka 1935, ndipo apolisi ndi asilikali a boma la atsamunda ankalamulidwa kuchokera kumeneko.

Kuchokera ku Lusaka, basi imadutsa Kafue, Mazabuka, Monze, Choma ndi Kalomo, kenako n'kulowa m'tauni pamsewu wa Mosi-oa-Tunya. Pamsewu womwewo pali Livingstone Museum, nyumba yosungiramo zinthu zakale yomwe inayamba mu 1934. Mlendo amaonamo makalata ndi katundu wa David Livingstone, munthu amene pa ulendo wake wa ku Luanda ankakwera ng'ombe yotchedwa Sinbad, osati kavalo.

Ng'ombe ija ikufotokoza zambiri. Kumpoto kwa Zambezi akavalo sankakhalitsa: kashembe ndi matenda a akavalo zinkawapha. N'chifukwa chake gulu la Barotse Native Police, ndiponso la Northern Rhodesia Police lomwe linabwera pambuyo pake, linkayenda wapansi. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 zipolopolo, ufa ndi mahema zinkayenda pamitu ya amtengatenga, ambiri a iwo atagwidwa mokakamiza m'midzi. Apolisi okwera akavalo anali kutsidya, ku Southern Rhodesia, m'gulu la British South Africa Police. Choncho chishalo chenicheni cha usilikali chikapezeka ku Livingstone, chikhoza kukhala chochokera kum'mwera.

Wodziwa katunduyu amayang'ana zinthu zingapo. Chishalo cha asilikali a Britain cha mtundu wa 1902 chili ndi mpando wachikopa womangidwa pa zitsulo ziwiri zopindika, ndipo pansi pake pali matabwa awiri ogona pamsana pa kavalo. Lamba wa zipolopolo wa 1903, wovala mopingasa pachifuwa, amakhala ndi timatumba tisanu, koma wa apakavalo ali ndi tisanu ndi tinayi, tina kutsogolo tina kumsana. Lamba wa akuluakulu a asilikali amatchedwa Sam Browne, dzina la mkulu wa nkhondo amene anaduka mkono wamanzere ku India mu 1858. Pa katundu wa boma la Britain ankadindapo kachizindikiro konga mutu wa muvi, nthawi zambiri pamodzi ndi dzina la wopanga ndi chaka. Ulusi wa nayiloni pamsoko ndi umboni woti chinthucho n'chatsopano kapena chinakonzedwanso.

Nyengo ya kuno ndi mdani wa chikopa. Kutentha kwa Okutobala kumachiumitsa mpaka kung'aluka, dzinja likafika chimachita chuku, chiswe nacho sichichedwa. Chimafunika malo amthunzi opita mphepo, ndipo kuchithira mafuta ambiri kumaoletsa misoko.

Pamsika wa Mukuni Park pamagulitsidwa ziboliboli, madengu ndi mikanda. Zikopa za pamenepo ndi ntchito ya amisiri a lero, yabwino ndithu, koma si ya nkhondo. Amene wapeza chakale chenicheni adziwe kuti lamulo la Zambia la 1989 sililola kutulutsa zinthu zakale zotetezedwa m'dzikomo popanda chilolezo cha National Heritage Conservation Commission. Ayambe wafunsa kumeneko asanapereke ndalama.