Zipsera Zimene Kompyuta Sidazione

Ndidaphunzitsa kwa zaka 36 ndisanapume pantchito. Pa zonse zimene adatiphunzitsa kusukulu ya aphunzitsi, ziwiri ndizo zidakhazikika mumtima mwanga: kulemba zowerengeka ndiponso kusunga kaundula. Ana amene adadutsa m'manja mwanga angachitire umboni kuti sindinkalola chilembo chopendama. N'chifukwa chake nthawi zonse ndikapita kuchipatala ndinkadandaula poona kalembedwe ka madokotala. Dzina la mankhwala linkaoneka ngati nkhuku yapalasa pamchenga, ndipo ndinkadzifunsa kuti kodi wogawa mankhwala amawerenga bwanji zoterezi osaphonya.

Nditamva kuti makompyuta afika m'zipatala, ndidakondwa ngati mlimi woona mitambo ya mvula yoyamba. Makina ogwiritsa ntchito pongokhudza galasi ndi chala adayamba kugwira ntchito pachipatala chachikulu cha ku Lilongwe m'chaka cha 2001, mwa khama la anthu amene adakhazikitsa bungwe la Baobab Health. M'chaka cha 2006 makina otere adayamba kuthandiza pogawa mankhwala otalikitsa moyo pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo pambuyo pake adafalikira m'zipatala zina. Ine ndidaganiza kuti vuto lonse latha. Ndidaiwala kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kuti mumvetse bwino zimene zidatichitikira, ndiyambe ndabwerera m'mbuyo. M'chaka cha 1993 dziko lathu lidasiya kudalira Chloroquine pochiza malungo ndi kuyamba kupereka Fansidar. Patapita zaka ziwiri akazi anga adadwala malungo, ndipo adalandira mapiritsi atatu a Fansidar monga aliyense. Malungo adatha, koma patangopita sabata imodzi thupi lonse lidatuluka ziwengo. Ziwengozo zidasanduka matuza, m'kamwa mudadzaza zilonda, maso adatupa, ndipo khungu lidayamba kusupuka ngati la munthu wopsa ndi moto. Adagonekedwa m'chipatala masabata atatu, ine ndikugona pakhonde, ana tidawasiya kwa agogo awo. Pa tsiku lotuluka dokotala adatenga kope lawo la kuchipatala, lija lodula pakati, nalemba pachikuto ndi inki yofiira kuti mayiwa asadzamwenso mankhwala a mtundu wa salfa. Adachira, koma m'mikono mwawo mudatsala zipsera zakuda zimene zilipo mpaka lero.

Kope lija tidalisunga zaka 20, mpaka pamene mvula ya mu Januwale 2015 idagwetsa khoma la nyumba yathu ndi kunyowetsa mapepala onse. Tidagula bukhu latsopano la kuchipatala, koma sindidalabadire zokapempha kuti chenjezo lija alilembemonso. Apa ndipo padayambira kulakwa kwanga. Fansidar adali atasiya kale kukhala mankhwala oyamba a malungo, popeza kuyambira m'chaka cha 2007 odwala amalandira LA, choncho ndidadzinyenga kuti mdani wathu adapita.

Zaka zitatu zapitazo akazi anga adadwala matenda a m'chikhodzodzo, ndipo ndidawaperekeza kuchipatala china kumene zonse zimayenda pakompyuta. Ndidaonerera mwachidwi mmene ntchito imayendera. Polembetsa, mlembi adafunsa dzina, tsiku lobadwa ndi mudzi, kenaka kamakina kadatulutsa kapepala ka mizeremizere kamene adakamata pabukhu. Kapepalako ndiko kiyi: akakaunika ndi kamakina kena, mbiri ya wodwalayo imaonekera pagalasi. Dokotala salembanso dzina la mankhwala pamanja. Amasankha pamndandanda umene uli m'kompyutamo, naonetsa mlingo wake, kangati patsiku ndiponso kwa masiku angati. Akatsimikiza, uthengawo umafika kolandirira mankhwala wodwala asanadzuke n'komwe pampando. Wogawa mankhwala amauwerenga m'zilembo zosindikiza, ndipo akapereka, kompyuta imachotsera yokha pa chiwerengero cha mankhwala otsala. Mphunzitsi wa kalembedwe akadafunanso chiyani?

Akazi anga adalowa okha m'chipinda cha dokotala, ine ndidatsala pabenchi. Mzere udali wautali ndipo dokotalayo, mnyamata wa msinkhu wa mwana wathu wachisamba, adali atatopa. Pakati pa mafunso amene adawerenga pagalasi padali lakuti kodi alipo mankhwala amene amawawenga. Iwo adayankha kuti palibe. Sadaname mwadala. Monga adandifotokozera pambuyo pake, ankadziwa dzina limodzi lokha la Fansidar, ndipo adaona kuti si ulemu kuchedwetsa dokotala ndi nkhani yakalekale pamene anthu ena akubuula panja. Dokotala adakhudza galasi, kompyuta idalemba kuti palibe, ndipo uthenga wa mapiritsi a Bactrim udapita kolandirira mankhwala popanda chenjezo lililonse.

Pazenera padali mayi wina wachitsikana wovala gauni yoyera. Adaunika bukhu, adawerenga pagalasi, nayamba kuwerengera mapiritsi m'kathumba. Akazi anga atatambasula manja onse awiri kuti alandire, nsalu imene adafunda idatsetsereka ndipo mikono idaonekera. Mayiyo adaima, kathumba kali m'manja.

"Pepani amayi, zipsera izi zidabwera bwanji? Mudapsa ndi moto?"

"Iyayi mwanangu, ndi zakale izi," adayankha akazi anga akukoka nsalu.

Apo ine ndidasendera pafupi ndi kufotokoza za Fansidar wa 1995. Mayiyo adabweza kathumba kaja pashelefu mofulumira ngati wagwira khala la moto.

"Bambo, Bactrim ndi Fansidar ndi pachibale. Onse awiri ali ndi salfa. Thupi limene lidakana mmodzi likhoza kukananso mnzake, ndipo kachiwiri zimatha kuopsa kuposa poyamba."

Miyendo yanga idalefuka. Ndidaona m'maganizo khonde lija ndidagonapo masabata atatu, ndipo ndidazindikira kuti tsopano, pa ukalamba wathu, mwina sitikadatulukamo awiri.

Zimene mayiyo adachita kenaka ndizo zidandiphunzitsa kwambiri. Sadangosintha mankhwala payekha. Adatipempha kuti tidikire, adapita kwa dokotala, ndipo onse awiri adakonza mbiri ya akazi anga m'kompyuta. Atangolemba kuti salfa amawawenga, galasi lidaonetsa chenjezo pa Bactrim uja. Nzeru yodziwa ubale wa mankhwalawo idalimo kale m'makinamo. Chimene chidasowa chidali mawu amodzi ochokera pakamwa pathu. Dokotala adafafaniza uthenga woyamba, adasankha mankhwala ena, ndipo adalembanso chenjezo pachikuto cha bukhu, chifukwa si zipatala zonse zimene makompyuta ake amauzana nkhani, ndiponso magetsi akathima nthawi yaitali anthu amabwerera ku cholembera.

Pobwerera kunyumba ndidakumbukira kaundula wa kusukulu. Tsiku lina, ndili mphunzitsi wachinyamata, ndidachonga kuti mwana wina alipo chifukwa chakuti mnzake adamuvomerera, ine osakweza maso. Mwanayo adali atathawa kukawedza nsomba. Kaundula adaoneka waukhondo, zilembo zoongoka, koma zolembedwamo zidali zabodza. Kompyuta ya kuchipatala ndi kaundula wotero. Imathetsa vuto la kalembedwe, siiwala, sinyowa ndi mvula, ndipo imachenjeza msanga kuposa munthu wotopa. Koma imakumbukira zokhazo zimene yauzidwa. Ikauzidwa cholakwa imachisunga mokhulupirika, ndipo chifukwa chakuti chalembedwa m'zilembo zokongola, anthu amachikhulupirira osafunsanso.

Sindikunena kuti tibwerere ku makope odula pakati. Chaka chotsatira tidapitanso kuchipatala chomwecho, tidapeza dokotala wina amene sadatidziwe. Atangounika bukhu, adayang'ana akazi anga nanena kuti waona kuti salfa sayanjana nawo. Tidali tisanatsegule pakamwa. Chimene inki yofiira idalephera kusunga, makina adachisunga, ndipo ndidathokoza.

Inu amene mukuwerenga nkhaniyi, ena mwa inu mudzakhala madokotala, anamwino, ogawa mankhwala, kapena akatswiri opanga mapulogalamu a makompyuta amenewa. Mukadzakhala kuseri kwa galasilo, musadzafunse funso ngati mwambo chabe. Mayi wokalamba akadzayankha kuti palibe, mudzafunsenso mwa njira ina: kodi adayamba watupa kapena kutuluka ziwengo atamwa mankhwala? Mudzakweze maso ndi kuyang'ana munthuyo, pakuti safunsa adadya phula. Ndipo ngakhale lero lino, mukamaperekeza agogo anu kuchipatala, dziwani mayina a mankhwala amene amamwa ndi amene amawawenga, muwalembe papepala, ndipo muwatchule ngakhale wina asakufunseni. Kuchedwetsa mzere mphindi imodzi si mwano.

Mayi wa pazenera uja sindidamufunse dzina, ndipo sindidziwa mphunzitsi amene adamuphunzitsa. Koma madzulo ena, akazi anga akamasenda mbatata pakhonde mikono ili poyera, ndimayang'ana zipsera zija ndi kukumbukira kuti zidawerengedwa ndi maso a munthu amene adalola kuima kaye, kathumba kali m'manja.