Chikomekome cha Mkuyu: Za Nkhalamba Zovala Nkhope ya Mnyamata

Akale anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwana aliyense wokulira m'mbali mwa mtsinje wa Mwanza, kwa Chapananga, amaudziwa mwambiwu ndi lilime lomwe, pakuti tsiku lina anatolapo nkhuyu yofiira bwino naiponya m'kamwa asanaing'ambe. Mwambiwu ndi wofunika kuukumbuka masiku ano, pamene adzukulu akuonera masewero a pa kanema ochokera kunja, ena pa foni, ena m'tinyumba toonetsera mafilimu pamsika. Mwa masewerowo muli mtundu wina umene achinyamata amaukonda kwambiri, wonena za mtsikana wa pasukulu amene wagwa m'chikondi ndi mwamuna wosafa, wokhala ndi moyo zaka mazanamazana.

Zitsanzo zake n'zambiri. Mu 1997 ku America kunayamba sewero la Buffy the Vampire Slayer. Buffy anali mtsikana wa zaka 16, ndipo wokondedwa wake Angel, woyamwa magazi a anthu amene kuno akanatchedwa namapopa, anali ndi zaka zoposa 240. Mu 2005 nyumba youlutsa mawu ya BBC inayambiranso kuonetsa Doctor Who, momwe mlendo wochokera ku dziko la kutali m'mlengalenga, wonena yekha kuti ali ndi zaka 900, anatenga Rose Tyler, mtsikana wa zaka 19 wogulitsa m'sitolo ku London, nayenda naye maulendo ake. Mu 2009 kunabwera The Vampire Diaries, momwe Elena Gilbert wa zaka 17 akulimbiranidwa ndi anyamata awiri apachibale, Stefan ndi Damon Salvatore, amene anasanduka anamapopa mu 1864.

Chinsinsi cha masewero onsewa chagona pa nkhope. David Boreanaz, amene ankasewera ngati Angel, anabadwa mu 1969, kotero anali asanakwane zaka 30 pamene sewerolo linkayamba. Opanga kanemayo akanaika nkhalamba yeniyeni ya imvi, yoyendera ndodo, kuti izinong'oneza mwana wa sukulu mawu a chikondi, woonera aliyense akanayang'ana kumbali ndi manyazi. Anachotsa makwinya, koma anasiya zonse zimene zaka zimapatsa munthu, monga chuma, mphamvu, ndi luso lodziwa mawu ofewetsa mtima wa mwana. Mtsikanayo sanaonepo dziko, pamene mwamunayo waliona lonse, waika m'manda okondedwa ena, ndipo akudziwa kale kumene njirayo ikathere. Awiriwa sangakhale pa mphasa imodzi ngati ofanana.

Olemba masewerowa nthawi zina amaulula okha choonadi chimenechi. Mu 1998 anaonetsa Angel akusanduka chilombo chankhanza atangogona ndi Buffy usiku umene mtsikanayo ankakwanitsa zaka 17. Mu 2006 Rose anakumana ndi Sarah Jane Smith, mayi wachikulire amene pa utsikana wake anayendanso ndi Doctor yemweyo kenaka nasiyidwa, ndipo Rose anaona tsogolo lake pa nkhope ya mayiyo. Komabe nyimbo zokoma ndi kuwala kwa kanema zimakwirira chenjezo lotere, ndipo mwana woonera amatsala ndi maloto okha.

Makolo a kuno anali nazo nthano za mtundu womwewu, koma ankazipotozera kwina. Pamoto madzulo, agogo akati "Padangokhala," ana nayankha kuti "Tili tonse," kawirikawiri inkatuluka nthano ya namwali amene anakana anyamata onse a m'mudzi, nalola mlendo wokongola amene palibe ankadziwa kwawo. Popita ku ukwatiko kamlongo kake kanamutsatira ngakhale ankakathamangitsa. Usiku kamnyamatako kanaona mlamu wake ndi abale ake atasanduka afisi, akuzungulira nyumba ndi kupangana zodzadya mkwatibwi akanenepa. Mlongo wake sanakhulupirire, mpaka kamwanako kanamumanga chingwe ku chala kuti kamudzutse pakati pa usiku aone yekha. Nthanoyi inkaphunzitsa kuti mwamuna wosadziwika chiyambi chake ayenera kufunsidwa mafunso nkhope yake isanatamandidwe, pakuti safunsa anadya phula.

Chigwa cha Shire chili ndi chitsanzo china choposa nthano. Ku Khulubvi, m'boma la Nsanje, kuli kachisi wa Mbona, mlauli wa mvula wa Amang'anja, amene akatswiri a mbiri amaika nkhani ya imfa yake zaka pafupifupi 400 zapitazo. Wansembe wa Chikatolika Matthew Schoffeleers, amene anakhala nthawi yaitali kuchigwaku, analongosola za chipembedzochi m'buku lake la River of Blood la mu 1992. Mwa mwambo, Mbona ankakhala ndi mkazi wamoyo wotchedwa Salima, ndipo udindo womupeza unali wa mfumu yaikulu Lundu. Anthu ankakhulupirira kuti Mbona amadza kwa mkaziyo usiku m'maonekedwe a nsato, ndi kumuuza zimene mtundu uyenera kuchita kuti mvula igwe. Apa ndiye panali ukwati weniweni wa munthu ndi mzimu wakalekale, koma palibe anautcha chikondi. Salima ankakhala m'nkhalango yopatulika, kutali ndi moyo wa akazi anzake, wosaloledwa kukhala ndi mwamuna wina. Amang'anja ankamulemekeza chifukwa ankadziwa kuti wasenza mtolo wolemera m'malo mwa dziko lonse.

Nkhaniyi ikanakhala ya pa kanema pokha, sikukanafunika kutayirapo mawu. Koma mwamuna wamkulu wofuna mwana wamng'ono alipo m'midzi, ndipo safuna matsenga kuti aoneke wokongola. Amadza ndi njinga yamoto, foni yatsopano, kapena thumba la chimanga m'chaka cha njala. Madzi osefukira a mu 2015 ndi 2019, namondwe Ana wa mu 2022 ndi Freddy wa mu 2023 anasiya mabanja ambiri a ku Chikwawa ndi Nsanje opanda nkhokwe, opanda mbuzi, ena opanda nyumba. M'nyengo zotere kholo lotopa limayesedwa kuona mkamwini wachuma ngati mpulumutsi, ndipo mwambo wa kutomera, wosungitsa mtsikana kwa mwamuna asanakule, umapeza pobisala. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti amayi 42 mwa 100 alionse a zaka 20 mpaka 24 anakwatiwa asanafike zaka 18. Ambiri mwa ana otere amasiya sukulu, ndipo amatenga pakati thupi lisanakhwime.

Lamulo linalankhulapo kale. Mu 2015 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la maukwati loika zaka 18 ngati msinkhu wokwatira, ndipo mu February 2017 inasintha Malamulo Aakulu a dziko, kutseka mpata umene unkalola mwana wa zaka 15 kukwatiwa makolo akavomera. Mfumu yaikulu Theresa Kachindamoto ya ku Dedza, imene inamwalira mu 2025, inathetsa maukwati a ana mazanamazana ndi kubwezera anawo ku sukulu, ndipo inachotsa pa udindo mafumu ang'onoang'ono amene ankavomereza maukwatiwo. Inaonetsa kuti mwambo uli nayo mphamvu yodzikonza wokha.

Kusiyana zaka pakokha si mlandu. Mayi wa zaka 30 amene ali ndi munda wake ndi nzeru zake akasankha bambo wa zaka 45, ankhoswe a mbali zonse nakhala pansi, palibe chodandaulitsa. Funso loyenera kufunsa ndi lakuti, kodi wamng'onoyo angathe kukana osagona ndi njala, ndipo angathe kuchoka ali ndi kolowera? Mwana wa Sitandade 7 alibe mphamvu imeneyo, ngakhale atalumbira kuti wakonda yekha.

Adzukulu angathe kuonera masewero awo ndi kusangalala nawo, pakuti nthano ndi nthano. Chofunika n'chakuti aziwerenga zaka za anthu a m'nkhanimo, monga momwe kamlongo kaja kanakhalira maso ena onse ali m'tulo. Akuluakulu nawo ali ndi mwambi wawo wakuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Moto wolusa ukafika padambo umazima, ndipo mwana wothawa mavuto akafika kwa munthu wamkulu ayenera kupeza chitetezo chotero. Bambo amene wafika msinkhu wotchedwa agogo, akaona mtsikana wovala yunifolomu ya sukulu, ntchito yake ndi kumufunsa za mayeso ake ndi kumuuza afike kwawo dzuwa lisanalowe.