Usabaye Usanaone Mphika Pamoto

Mwana wanga,

Mawa pokwera basi sitidzapeza mpata wokhala pansi, ndiye ndati ndilembe kuti ukawerenge uli phee. Boma lakutumiza kukaphunzitsa ku Chikwawa ndipo tonse tanyadira. Za choko ndi bolodi sindingakuuze kanthu, unaphunzira kuposa ine. Za kulemekeza akuluakulu ndi kusunga malipiro bambo ako anena kale. Ine nkhawa yanga ili pa kabotolo ka insulin ya Actrapid, koyera ngati madzi kaja.

Insulin inayo, Insulatard yooneka ngati mkaka ija, ndi yofatsa, imagwira ntchito pang'onopang'ono usana ndi usiku. Koma Actrapid ikalowa m'thupi imayamba ntchito pakatha mphindi 30, imalimba kwambiri pakatha maola awiri kapena atatu, ndipo sichoka mpaka maola 7 kapena 8. Ukabaya wabaya, palibe njira yoitulutsira. Ili ngati waganyu wouma mutu amene akapanda kupeza udzu m'munda amayamba kukhapa chimanga: ikasowa chakudya choti igwirepo ntchito, imatsitsa shuga yemwe ali m'magazi ako mpaka ugwe.

Kuno kunyumba wotchi yako ndinali ine. Ndinkati ndikatereka madzi a nsima n'kukuitana kuti baya tsopano, ndipo mphindi 30 zikamakwana mbale ili patsogolo pako. Kumeneko udzadya za m'manja mwa anthu osadziwa kuti kuchedwa kwa nsima kungakugwetse. Pa lesitilanti ya pa tauni adzakuuza kuti “ipsa pompano achimwene,” pomwe makala sanayake n'komwe. Kumaliro chakudya chimatha kufika dzuwa litapendeka. Kumisonkhano ya aphunzitsi wolankhula womaliza sadziwa kutseka pakamwa. Choncho usamve zonena, uone ndi maso ako kuti ndiwo zapsa ndipo phala likuwira, kenako ubaye. Ukakayika, dikira mpaka chakudya chiyandikire. Bola shuga akwereko pang'ono kwa ola limodzi kusiyana n'kukomoka pakati pa anthu osakudziwa. Ndipo ngati wabaya kale koma chakudya chasokonekera, usachite manyazi kutulutsa banzi kapena nthochi m'chikwama, ngakhale a TA ali pakati polankhula.

Kuchipatala chatsopano akakupatsa botolo la dzina lina, funsa bwinobwino usananyamuke. NovoRapid ndi Humalog n'zachangu kuposa yako, zimayamba ntchito m'mphindi 10 mpaka 20, ndiye zimabayidwa mbale ili kale pamaso. Uonenso kuti pa botolo ndi pa sirinji palembedwa U-100 monsemo. Ukamasakaniza mitundu iwiri mu sirinji imodzi monga anakuphunzitsira anamwino, uziyamba kukoka yoyerayo, yamkakayo pambuyo. Mayunitsi amene adokotala analemba m'buku lako usawasinthe chifukwa mnzako wa shuga amabaya ochuluka. Ukaiwala kubaya usawirikize pa chakudya chotsatira, ndipo ukasokonezeka osakumbukira ngati wabaya kapena ayi, usabwereze, ingoyeza shuga pafupipafupi. N'chifukwa chake ndakuikira kakope ndi cholembera m'kachikwama ka masirinji: ukangochotsa singano, lemba nthawi.

Zizindikiro za shuga wotsika umazidziwa kuposa ine: manja kunjenjemera, thukuta lozizira, mtima kuthamanga, njala yolusa, ndi kaukali kaja kamene kamakugwira popanda wokuputa. Makina akaonetsa pansi pa 70, kapena 3.9 pa makina owerenga mwa njira inayo, usadikire belu. Sungunula masupuni a tiyi atatu kapena anayi a shuga m'madzi, kapena umwe theka la botolo la Fanta, osati zakumwa zopanda shuga zija. Pakatha mphindi 15 yezanso, ndipo ngati akadali wotsika bwereza. Akakwera, idya chinthu chokhalitsa m'mimba monga mbatata kapena buledi. Ngati makina ali kutali koma thupi likukuuza, imwa basi, zoyeza pambuyo. M'thumba la thalauza lililonse muzikhala maswiti, ndipo amenewo si ogawira ana a sukulu.

Pali chinthu chimene ndikudziwa kuti sudzafuna kuchita, koma uchite sabata yoyamba yomweyo. Uwauze ahedi, mphunzitsi amene mudzakhale naye nyumba imodzi, ndi mayi a nyumba yoyandikana nayo. Munthu amene shuga wamutsikira amadzandira, amalankhula zosamveka, nthawi zina amaphupha. Osadziwa adzati waledzera m'mamawa, ena adzati ndi khunyu, ena adzathamangira kwa sing'anga, nthawi ili kupita. Uwauze mosabisa: ndikayamba zachilendo koma ndikutha kumeza, ndipatseni madzi a shuga; ndikakomoka musandithire kanthu m'kamwa ndingatsamwe, mundigoneke chammbali ndipo mundithamangitsire kuchipatala; ndipo musandibaye insulin poganiza kuti mukundithandiza. Mawu omwewa uwalembe pakapepala kolimba, pamodzi ndi nambala yanga, kazikhala m'thumba la malaya.

Tsopano za kutentha. Iwe wakulira kuno ku Dedza, dzuwa la kuchigwa cha Shire sulidziwa. Mu Okutobala ndi Novembala kumafika madigiri 40 n'kupitirira, ndipo insulin ikaphikidwa ndi dzuwa imafooka osasintha maonekedwe. Mabotolo osatsegula amafuna firiji, pakati pa madigiri 2 ndi 8. Koma usakawasungitse m'firiji ya pagolosale yowumitsira mafilizesi, chifukwa insulin ikaundana yatha ntchito ngakhale isungunuke. Ngati kunyumba kwako kulibe magetsi, gula mtsuko wadothi wosapaka kanthu, uthiremo madzi, mabotolo uwatsekere m'kachigubu kapulasitiki kosalowa madzi n'kukaika m'menemo, mtsukowo ukhale pamthunzi podutsa mphepo. Madzi akamatuluka m'dothi n'kumauma, m'kati mumazizira. Botolo lililonse ulembepo tsiku limene walitsegula, ndipo pakatha masabata anayi ulisiye ngakhale mwatsala. Actrapid ikachita chimbuuzi kapena ukaonamo tinthu toyandama, usabaye. Pa ulendo kachikwama kako kazikhala pamiyendo, osati m'buti kapena pawindo la minibasi. Udziwenso kuti thupi likatentha insulin imalowa m'magazi mofulumira, ndiye masabata oyamba uziyeza kawirikawiri kuposa mmene unkachitira kuno.

Mpira sindikuletsa, koma usabaye pantchafu kenako n'kukathamanga, ndipo uyeze usanalowe m'bwalo ndiponso usanagone, chifukwa shuga amatha kutsika usiku utasewera masana. Mowa ndikanakonda utangousiya. Umalepheretsa chiwindi kutulutsa shuga wosungidwa, ndiye munthu amakomoka ali m'tulo anzake n'kumati musiyeni ndi matsire. Ndine mayi ako, sindine wopusa, ndikudziwa kuti tsiku la malipiro anzako adzakukoka. Ukagonja, usamwe m'mimba muli pululu, ndipo usakagone wopanda kudya.

Pobaya uzisinthasintha malo. Pamimba ndiye pamene Actrapid imalowa msanga, koma usamabwerere pabowo limodzi chifukwa choti sipapweteka. Pamatuluka zotupa zolimba, ndipo insulin yobayidwa pamenepo imalowa mwa apo ndi apo. Masingano otha ntchito uziwaponya m'botolo lapulasitiki lolimba lotsekeka n'kukapereka kuchipatala, osati kudzala kumene ana amatola zoseweretsa.

Kuchigwa kuli udzudzu wambiri, neti yakoyo uigwiritse ntchito usiku uliwonse. Malungo akakugwira, kapena matenda ena alionse, usasiye insulin yonse poti sukudya. Thupi likadwala shuga amakonda kukwera. Insulatard ipitirire, uzimwa madzi ambiri ndi phala lamadzimadzi, uziyeza maola atatu kapena anayi alionse, ndipo za mayunitsi a Actrapid pa masiku otere ukafunsiretu adokotala usanadwale. Ukayamba kusanza, m'mimba kupweteka, kupuma mozama ngati wathamanga, m'kamwa kununkhira ngati zipatso zakupsa kwambiri, kwera kabaza nthawi yomweyo ngakhale ndi usiku. Kalata yokusamutsa ili m'buku lako lachipatala, ukalembetse pa chipatala cha boma cha Chikwawa usanayambe n'komwe kuphunzitsa. Zikavuta, Queens ku Blantyre si kutali. Dzinja likamayandikira upemphe mankhwala okwanira, chifukwa unamva mmene namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023 anadulira misewu kumeneko. Usamadikire botolo lomaliza lifike pansi.

Udzakumananso ndi anthu a mtima wabwino okubweretsera mizu, masamba owawa, ndi aneneri okuuza kuti wachira, taya majakisoni. Kupemphera pemphera, nanenso ndimagwada usiku uliwonse chifukwa cha iwe. Koma thupi lako silipanga insulin, ndipo palibe muzu umene ungalowe m'malo mwake. Isanafike 1922 ana a matenda ngati akowa sankakhalitsa. Mu Januwale chaka chimenecho, ku Toronto, mnyamata wina dzina lake Leonard Thompson anali woyamba kubayidwa insulin, ndipo anadzuka pamene onse anali atataya mtima. Wokuuza kuti usiye, umuthokoze mwaulemu, ukafika kunyumba ubaye monga mwa nthawi zonse.

Timapepala toyezera ndaikamo mabokosi awiri, ndipo mtengo wake ukudziwa, ndiye malipiro akatuluka uyambe wagula timeneti usanaganize za foni yatsopano. Lamlungu lililonse ukaweruka kutchalitchi uzindijambulira tsamba la kakope kaja n'kunditumizira pa WhatsApp ya mlongo wako. Ngakhale manambala atakhala oipa, utumize momwemo, sindidzakukalipira.

Ndine mayi ako.