Windows ikamayenda ngati nkhono

Aphunzitsi anzanga a Computer Studies, ndi inu amene munadutsa mu labu yathu ija, pali vuto limene ambiri timangoti ndi ukalamba wa makompyuta. Ukatsegula Windows mu virtual machine, mausi imayenda modumphadumpha, ndipo ukakoka window imabwera ngati ikutuluka m'matope. Makina athu kuno amayendera Linux, koma ana ayenera kudziwanso Word ndi Excel asanafike pa MSCE, ndiye Windows imakhala mkati mwa Linux ngati mlendo m'nyumba ya eni.

Ukalambawo ulipo ndithu, koma nkhani ina inayamba mu Januwale 2018, pamene akatswiri, kuphatikizapo Jann Horn wa ku Google ndi gulu la pa yunivesite ina ku Graz m'dziko la Austria, anaulula zibowo ziwiri zotchedwa Meltdown ndi Spectre. Purosesa imachita changu polosera ntchito yotsatira n'kuiyambiratu. Ikalosera molakwa imataya zotsatirazo, koma mu cache, kankhokwe kake kapafupi, mumatsala zizindikiro, ngati phulusa lofunda loonetsa kuti apa panaphikidwa. Pulogalamu yochenjera ikhoza kuwerenga phulusalo n'kudziwa chinsinsi, monga password. Mu Ogasiti chaka chomwecho kunatulukira chibowo china, L1TF, chimene chikanalola mlendo uja kusuzumira kuchipinda kwa eni nyumba.

Poti purosesa sungaisoke chigamba, chitetezo chinabwera kudzera m'ma update. Tsopano ntchito ikamadutsa pakati pa mlendo ndi eni nyumba, purosesa imayamba yasesa kaye phulusa lija. Zili ngati rodibuloko pamene minibasi yonse imatsika, katundu aonedwe, kenako mukwerenso. Kamodzi sizipweteka. Koma graphics card ya mu virtual machine si yeniyeni, ndi yongoyerekezera, choncho zambiri zosintha pa sikirini zimafuna mlendo akagogode kwa eni nyumba, kambirimbiri pa sekondi imodzi. N'chifukwa chake kutaipa kalata kumayenda bwinobwino, koma kanema kapena PowerPoint zimakhala ngati zagwidwa chidima. Mapurosesa amene anatuluka chaka cha 2013 chisanafike alibe lamulo la INVPCID limene limapeputsako mtolo umodzi mwa imeneyi. Ndipo mukudziwa nokha kuti makina obwera m'sukulu ngati mphatso amakhala a zaka ziti.

Kuyambira 2019, Linux ili ndi mawu oti mitigations=off, amene ukawalemba pamalo poyatsira makina amazimitsa zambiri mwa zotetezazi nthawi imodzi. Ine mu labu ndinazimitsa. Mnzanga wina wa pasukulu yoyandikana nafe anati ndatsegula khola usiku. Ndinamufunsa kuti m'kholamo muli chiyani. Makina a mu labu alibe intaneti, ndipo chinsinsi chachikulu mmenemo ndi spreadsheet ya mwana wa Form 3. Chitetezo chimenechi chimafunika kwambiri kumakampani amene amabwereketsa seva imodzi kwa anthu ambiri osadziwana, pamene mlendo wina angabe za mnzake. Ife zimene tikutaya ndi nthawi: piriyodi ndi mphindi 40, ana atatu pa kompyuta imodzi, magetsi nawo osadalirika. Mwana wachitatuyo amafika pa kiyibodi belu litatsala pang'ono, ndipo kawirikawiri amakhala wofatsa uja amene sakankha anzake. Sindinganame kuti makinawo asanduka atsopano, koma window tsopano imatsatira dzanja.

Ya mu staffroom yokha sindinaikhudze. Mmenemo muli malikisi a ana onse, ili pa intaneti, ndipo kumapeto kwa mwezi aphunzitsi amaonerapo ngati malipiro alowa kubanki. Amene anatulukira Spectre anaonetsa kuti ngakhale JavaScript ya pa tsamba la intaneti ikhoza kuyesa kuba m'njira imeneyi. Choncho imeneyo ikuyendabe ngati nkhono, ndipo amadamu a Geography akafuna kuonetsa kanema wa mapiri ophulika amabwera ndi kalasi yawo ku labu Lachinayi masana.